Natasha, Tiyamike kapena Taonga: dzina lothokozera liti limuyenera mwana wamkazi wa mu Lusaka?

Mu Lusaka muli dzina la atsikana limene anthu awiri angalimve mosiyana, ndipo onse awiri n'kukhala kuti sanalakwe. Mukaitana kuti "Natasha!" pa Kamwala kapena pa msika wa Soweto, wina amva dzina lachizungu, wina amva Chibemba chenicheni. Ife a kum'mawa, Achewa, Ansenga ndi Angoni okhala ku Chawama, ku Matero kapena ku Chelstone, ambiri timalitenga poliyesa lachizungu, pomwe anansi athu Abemba amalipereka ngati mawu othokoza Mulungu. Tsono ngati cholinga cha makolo ndi kuthokoza chifukwa cha mwana wamkazi amene wabadwa, kodi Natasha likuposa Tiyamike, Thokozani, Mayamiko kapena Taonga? Ndiwayerekeza onsewa, koma ndinene poyera kuti ine ndili ndi mbali yanga.

Kumene Natasha linachokera

Muzu woyamba uli ku Russia. Kumeneko Natasha si dzina lolembedwa pa pasipoti. Ndi chidule cha pakhomo cha dzina loti Natalya, monga ife timadulira Chikondi kukhala Chiko. Natalya linachokera ku Chilatini, ku mawu onena za tsiku lobadwa, amene Akhristu akale ankatchulira kubadwa kwa Ambuye, n'chifukwa chake ambiri amalimasulira kuti wobadwa pa Khirisimasi. M'matchalitchi a Orthodox linafala chifukwa cha Natalia woyera wa ku Nicomedia, mzinda umene lero ndi İzmit ku Turkey. Iyeyu anali mkazi wa Adrian, msilikali amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 300.

Chidulechi chinatuluka mu Russia kudzera m'buku. Leo Tolstoy anamaliza kusindikiza War and Peace mu 1869, ndipo mtsikana amene owerenga amamukonda kwambiri m'menemo ndi Natasha Rostova. Mu 1956 bukuli linasanduka filimu, Audrey Hepburn n'kusewera mbali ya Natasha. Anthu a ku Britain ndi ku America anatenga chidulecho n'kuchiyesa dzina lathunthu. Ku England linali m'gulu la mayina 100 okondedwa kwambiri kuyambira m'ma 1970 mpaka m'ma 1990, ndipo ku America linafika pachimake m'ma 1980. Pofika chaka cha 2000 linali litayamba kale kutsika m'maiko onse awiri, moti lero ku London Natasha nthawi zambiri ndi mayi wa ana, osati khanda.

Muzu wachiwiri uli konkuno, ndipo sugwirizana ndi woyambawo ngakhale pang'ono. M'Chibemba ukutasha ndi kuthokoza kapena kuyamika. Natasha ndi kunena kuti ndathokoza, Twatasha ndi tathokoza. Zinangochitika kuti mawu a zinenero ziwiri zotalikirana anafanana, koma kufanana kumeneku ndiye kunalipatsa mphamvu dzinali mu Zambia. Pa nthawi imene linali pamwamba ku Britain, imenenso ophunzira athu ena ankabwerera kuchokera ku Moscow atalimva kumeneko, kholo la Chibemba linapeza dzina loti pa ofesi likumveka lamakono, kumudzi ku Kasama likumveka pemphero. Palibe amene ankafunika kugonja, mwana wophunzira kapena agogo.

Kufika kwake mu Lusaka kukutsata mayendedwe a anthu. Mzindawu unakhala likulu mu 1935, ndipo Chinyanja ndicho chinakhala chinenero cha mumsewu, cha pa msika ndi cha apolisi. Koma migodi ya ku Copperbelt itayamba kuchotsa anthu ntchito m'ma 1990, mpaka kugulitsidwa kwa migodi ya ZCCM kumene kunatha mu 2000, mabanja ambiri olankhula Chibemba anasamukira kuno, ndipo anabwera ndi mayina awo: Mapalo, Bupe, Mwape, Natasha. Kalembera wa 2010 anaonetsa kuti m'dziko lonse pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu amalankhula Chibemba tsiku ndi tsiku, ngakhale kuti m'chigawo cha Lusaka Chinyanja chinali patsogolobe. Dzina la mwana wa neba likakukomera, sufunsa mtundu wake. Lero tili ndi ma Natasha odziwika, monga woimba Natasha Chansa ndi Natasha Mwansa, womenyera ufulu wa atsikana amene analankhula pa msonkhano wa zachuma wa padziko lonse ku Davos, ku Switzerland, mu Januwale 2020 ali pa gome limodzi ndi Greta Thunberg, womenyera nkhani za kusintha kwa nyengo.

Ubwino wake ndi kuipa kwake

Natasha limayenda bwino. Kalaliki salakwitsa polilemba, Mlozi, Mtonga ndi Mchewa onse amalitchula osapunthwa, ndipo munthu wa ku Johannesburg kapena ku Toronto akaliona pa kalata yofunsira ntchito adziwa kuti ndi mkazi. Pa zimenezi palibe dzina lathu limene lingalipose, ndipo sindinganamize munthu.

Vuto lake lalikulu ndi kuchuluka. Funsani mphunzitsi aliyense wa ku Kabwata kapena ku Chilenje. M'kalasi mukakhala ma Natasha angapo, ana amadzipangira okha njira yowasiyanitsira, ndipo njira za ana sizikhala zachifundo: Natasha wamfupi, Natasha wakuda, Natasha wa mano. Mwana amene munamupatsa dzina mosamala amakula akuitanidwa ndi chilema chimene anzake anamupezera.

Palinso zinthu ziwiri zimene zimanenedwa. Choyamba n'choona: ku Turkey, boma la Soviet Union litagwa mu 1991, dzinali linasanduka mawu onyoza akazi ochokera kumeneko ogulitsa thupi. Kwa mwana wokulira ku Kalingalinga zimenezi zili kutali, koma makolo amene amachita malonda a zovala ku Istanbul ndi bwino azidziwe. Chachiwiri ndi mphekesera yoyenda pa WhatsApp ndi m'mapemphero ena ausiku, yoti dzinali ukaliwerenga chobwerera m'mbuyo likutchula Satana. Imeneyi ndi nkhani yopanda mutu. Dzina limene kwina linabadwira pa Khirisimasi, kwina pa kuthokoza Mulungu, silingaipe chifukwa munthu wina wasowa chochita n'kuyamba kuwerenga zilembo chafutambuyo.

Ndipo konzekerani chimbuya, chibale chonyozana mwanthabwala cha Abemba ndi ife a kum'mawa, chimene iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife n'kumati iwo amadya anyani. Mbemba akamva kuti mwana wa a Phiri ndi Natasha, sangaleke kukuponyerani mawu: "Mwaona inu odya mbewa, ngakhale kuthokoza mukuchita kubwereka kwa ife." Yankho la anyani mukulidziwa kale, koma mudzalibwereza kwa zaka zambiri.

Mayina a kwathu

Pano ndiye pali nkhani, chifukwa Chinyanja chili ndi mayina ambiri othokozera, ndipo sanena chinthu chimodzi. Dzina la Chichewa kawirikawiri limakhala mawu olankhulidwa kwa munthu wina. Lekani, Nenani, Ganizani, Dziwani: onsewa ali ndi amene akuuzidwa, ndipo kumudzi aliyense amadziwa kuti ndi ndani. Choncho musanasankhe, funsani kuti dzinalo likulankhula ndi yani.

Thokozani ndi lamulo lopita kwa ena. Likhoza kukhala lofatsa, loitana mpingo ndi abale kuti athokoze. Koma m'banja limene mayi anakhala zaka osabereka, alamu ake akumunena, Thokozani amatha kumveka ngati chala cholozedwa kwa achimuna, ndipo iwo adzamva choncho ngakhale inu musanafune. Yamikani ali chimodzimodzi, ndiponso makutu ambiri amalitenga ngati la anyamata.

Tiyamike ndi losiyana. Wolankhulayo ali m'kati mwa amene akuyamika, sakulamula munthu, akuitana. Ichi ndicho chifukwa chake ine ndimaliika patsogolo pa onse, ngakhale pa Natasha. Natasha ndi mawu a munthu mmodzi, ndathokoza. Koma kwa Achewa mwana, makamaka wamkazi, si wa munthu mmodzi. Ndi wa mbumba, ndiye adzapitiriza mtundu wa amayi ake, ndipo amalume ake ali ndi mawu pa iye kuyambira tsiku loyamba. Dzina loyamba ndi "ti" likunena zoona za mmene mwanayo adzaleredwere, ngakhale m'nyumba ya lendi ku Garden kumene ambuya amabwera kamodzi pa chaka. Tathokoza nalonso lili ndi "ife" ameneyu, koma n'lolemera pakamwa, ndipo ana a mu Lusaka sachedwa kulidula kukhala Tatho.

Mayamiko sililamula kapena kuitana, likungotchula chinthucho. Ubwino wake wobisika ndi chidule chake, Maya, chimene chimamveka bwino kulikonse padziko. Kwa makolo amene akufuna zimene Natasha amapereka, koma safuna kusiya chinenero chawo, Mayamiko ndiye yankho lapafupi. Kunyumba ndi kumudzi ndi Mayamiko, ku yunivesite ya kunja ndi Maya, ndipo palibe pepala limene lasinthidwa.

Thokozile ambiri timaliyesa la Chinyanja, koma linabwera ndi Angoni amene anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. M'Chizulu likunena za munthu amene wakondwa. Makutu athu amamvamo kuthokoza, ndipo matanthauzo awiriwa sakulimbana. Mosiyana ndi Thokozani, ili ndi la akazi okha, ndipo mwana adzakhala ndi womutchulira: Thokozile Muwamba, mkazi woyamba kuyendetsa ndege za nkhondo mu Zambia Air Force. Kwa banja limene limapita ku Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale, dzinali likukhala pamalo pake.

Mayina athuwa ali ndi zovuta zawo. Ambiri sasonyeza ngati mwini wake ndi mkazi kapena mwamuna, moti Thokozani wamkazi adzalandira makalata omutcha bambo moyo wake wonse. "Th" wathu amavutanso: Abemba amamufewetsa n'kunena Toko, azungu amamutchula ndi lilime pakati pa mano. Tiyamike amadulidwa bwino kukhala Tiya kapena Yami, koma mlendo woliwerenga pa pepala amaona Mike kumapeto n'kulitchula ngati dzina la mnyamata wachizungu. Kwa ine zimenezi ndi zazing'ono, munthu amawongolera kamodzi n'kutha. Koma mwana ndiye adzawongolera, osati ine, ndipo pali ana ena amanyazi amene amatopa nazo.

Mayina a anansi

Taonga ndi la Chitumbuka, lochokera cha ku Lundazi ndi ku Chama, ndipo likunena kuti tathokoza. Mu Lusaka lafala mpaka anthu ambiri saganizanso za mtundu wake, amangoti n'la kum'mawa. Ndi lalifupi, lilibe chilembo chovuta, ndipo lili ndi "ife" amene ndamutchula uja. Ngati Tiyamike akukulemerani, Taonga ndiye wachiwiri wanga. Komanso, Amaori a ku New Zealand ali ndi mawu olembedwa chimodzimodzi otanthauza chuma chamtengo wapatali, choncho nalonso lili ndi mwayi wofanana ndi wa Natasha, wokhala ndi kwawo kuwiri. Vuto lake ndi kalembedwe: ku Malawi ambiri amalemba Tawonga, kuno Taonga, ndipo mwana wa mabanja a mbali zonse ziwiri za malire a Zambia ndi Malawi pa Mwami akhoza kukhala ndi mapepala osagwirizana.

Atonga ali ndi Twalumba, a ku Mbala ndi ku Nakonde ali ndi Taizya. Amenewa ndi abwino pamene mmodzi wa makolo ndi wa kumeneko. Maukwati a mu Lusaka ambiri ndi osakanikirana mitundu, ndipo mwana amatenga dzina la bambo kumapeto. Ngati bambo ndi a Banda, mayi ndi a ku Monze, Twalumba Banda akunena mbiri yonse ya banja m'mawu awiri. Koma ngati nonse ndinu a ku Katete, kutenga Twalumba kudzakuchititsani kufotokoza pa maliro aliwonse.

Mayina achizungu a ku tchalitchi

Pa awa sindichedwapo. Kuyambira pamene amishoni a Dutch Reformed anakhazikika ku Magwero mu 1899, ubatizo unkabwera ndi dzina latsopano, ndipo Akatolika ankafuna la woyera mtima. M'menemo ndi mmene munatuluka a Esnart, a Agness, a Beatrice ndi a Loveness amene lero ndi ambuya athu. Pulezidenti Chiluba atalengeza mu Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo matchalitchi a Pentekoste atachuluka, kunabwera gulu lina: Blessing, Favour, Precious, Miracle. Ndi mayina osavuta, koma amaulula zaka za mwini wake, chifukwa amabwera pamodzi n'kutha pamodzi. Komanso pa nkhani yathu ino sakugwira ntchito. Amatchula zimene Mulungu wapereka, koma palibe limene likuthokoza.

Dzina la ambuya

Njira iyi si ya tanthauzo, ndi ya ubale, ndipo nthawi zambiri ndi imene imagonjetsa zonse zimene ndalembazi. Pa mwambo wathu mwana satchulidwa mchombo usanagwe. Amakhala m'chikuta ndi amake, ndipo potuluka ndi pamene wachibale wosankhidwa amapereka dzina pamodzi ndi kamphatso, kaya ndalama, nkhuku kapena chitenje. M'mabanja ambiri woyamba amatchulidwa ndi achimuna, wachiwiri ndi achikazi. Mu tauni zinthu zimathamanga. Mayi amatuluka m'chipatala mwamsanga, kadi ya sikelo ikufuna dzina, ndipo dzinalo limafika pa foni kuchokera ku Chadiza: "Mwanayo ndi ine ndemwe, mumutche dzina langa." Apongozi akanena choncho, ndani angayankhe kuti ife tinasankha kale pa intaneti?

Ubwino wake ndi waukulu kuposa mmene achinyamata amaganizira. Mwana wotchedwa dzina la ambuya amakhala ndi munthu wake m'banja, womuikira kumbuyo, womusungira nkhuku akapita kumudzi pa holide. Ngakhale bambo ake amamulankhula mwaulemu, "amama, bwerani mudye," ali ndi zaka zitatu.

Kuipa kwake n'kwakuti mayina a mbadwo umenewo ambiri anabadwira m'misozi. Ana ankafa kwambiri, ndipo makolo ankatchula zimene anaona: Misozi, Tisauke, Masauso, Malilo. Ambuya a Tisauke anali ndi chifukwa chokhalira ndi dzinalo, koma mdzukulu wobadwa bwinobwino ku chipatala chachikulu cha UTH alibe. Matchalitchi ena amakananso kutcha mwana dzina la womwalira, pomwe achikulire amati mwana akamalira usiku wonse osatonthola ndiye kuti akukana dzina, likufunika la kholo lakale. Mabanja amakangana zenizeni pa zimenezi. Maganizo anga ndi akuti ngati dzina la ambuya ndi lopepuka, litengeni ndi manja awiri. Ngati ndi lachisoni, lilandireni mwaulemu, perekani zikomo kwa wotchula, koma likhale lachiwiri.

Mayina awiri, ndi limene liyenera kutsogola

Ambiri mu Lusaka amathetsa mkangano popereka mayina awiri, lina la kwawo, lina loyenda nalo. Njirayi ndi yabwino, koma anthu amalakwitsa poganiza kuti mayina awiriwo adzakhala ofanana mphamvu. Limene lalembedwa poyamba ndi limene mphunzitsi adzaitana m'kaundula, ndi limene anzake adzalidziwa, ndi limene lidzakhale pa Facebook. Lachiwiri limasanduka chilembo chimodzi ndi kadontho. Natasha Tiyamike Phiri pofika giredi 3 ndi Natasha basi, Tiyamike watsala pakamwa pa ambuya okha. Koma Tiyamike Natasha Phiri amasunga onse awiri, chifukwa dzina lachizungu silifa. Akadzafuna kuligwiritsa ntchito ali wamkulu, lidzakhala likumudikira pa pasipoti. Dzina la kwathu ndi limene limafuna kutetezedwa, choncho ndilo liyenera kutsogola. Ena anganene kuti Tiyamike Natasha ndi kuthokoza kawiri. N'zoona, ndipo sindikuonapo cholakwika.

Kumbukiraninso kuti ngati mwanayo ndi woyamba, dzinalo ndi lanunso. Kuyambira tsiku limenelo mu komboni monse ndinu amake Natasha kapena atate ake Taonga, ku chilimba, ku tchalitchi, pa mpopi, mpaka dzina lanu lenileni kuiwalika. Pa mzere umodzi wa nyumba pakakhala amake Natasha atatu, mwana wotumidwa ndi mbale ya ndiwo akhoza kukaipereka khomo lolakwika. Litchuleni mokweza ndi "amake" patsogolo musanavomere.

Chotsala ndi kalembedwe, ndipo apa m'pamene anthu amataya ndalama. Mabuku a Chinyanja a m'sukulu za kuno amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, ndipo mayina ngati Mabvuto ndi Mavuto, Taonga ndi Tawonga, Tiyamike ndi Tiamike amalembedwa pawiri. Mmene dzina lalembedwera koyamba ndi mmene limakhalira. Osewera mpira Barbra Banda ndi Racheal Kundananji atchuka padziko lonse ndi kalembedwe kosiyana ndi kamene Angerezi anazolowera, ndipo kwa iwo palibe vuto chifukwa n'kamodzi paliponse. Vuto limabwera pamene kadi ya sikelo ikunena china, setifiketi yobadwira ya ku dipatimenti ya National Registration ikunena china, ndipo mayeso a bungwe loona za mayeso la ECZ analembetsedwa ndi china. Zimenezi zimaululika mwana akafika zaka 16 pokatenga chitupa cha unzika cha NRC, kapena pofunsira malo ku koleji, ndipo kukonza kwake kumafuna malumbiro, nthawi zina chikalata chosinthira dzina (deed poll) ndi loya. Lembani dzina lonse papepala ndi zilembo zazikulu, mupatseni namwino kapena kalaliki kuti akopere, ndipo muwerenge chilembo chilichonse musanachoke pa windo.